Mantha a Bambo a Mapasa

Mumsewu wawo monse, mkazi akafuna kuchititsa manyazi mwamuna wake ankangoloza nyumba ya bambo a mapasa. "Taonani anzanu," ankatero, "dzuwa lisanalowe ali kale pakhomo, akuseka ndi akazi awo." Sikunali kunama ayi. Bambo a mapasa anali ndi butchala pakona ya msewu, munthu wa thupi lodzaza chitseko, woti akaseka agalu a kwa aneba ankauwa. Mayi a mapasa ankasita zovala pamalo ena ochapira m'tauni, ntchito imene anaiyamba anawo asanamere mano. Ankakondana anthu awiriwa, ndipo ine ndilibe chifukwa chowanamizira.

Koma mayiwa anali atatopa, abale inu, kutopa kuja kosachoka ngakhale ugone Lamlungu lonse. Miyendo inkatupa, phewa lakumanja linkakana kukwera. Chowawa kuposa phewalo chinali chakuti zovala zambiri zimene ankasita zinali za anthu apaulendo. "Mundisitire msanga mayi, mawa ndikuuluka." Iwo ankasita, n'kupinda bwino kuti zilowe m'sutikesi, ndipo pakapita milungu zovala zomwezo zinkabwerera zili ndi mchenga wa mayiko ena m'matumba. Ankaukutumulira pansi mchengawo n'kuusesa.

Ndiye tsiku lina mapasa aja, atsikana onse awiri, amene tsopano anali anamwino kutsidya kwa nyanja yamchere, anaimba foni. "Amayi, mwagwira ntchito mokwanira. Mubwere ndi ababa mudzapume kuno mwezi wathunthu, tikakugonekeni m'mbali mwa nyanja, wina azikusitirani inuyo." Mayi a mapasa anakhala pansi penipeni pakhitchini n'kulira. Bambo anaseka chiseko chawo chija, nati, "Tipita! Ndege n'chiyani, si basi yamapiko chabe?"

Kukonzekera ulendo wakunja ndi ntchito ina payokha. Anaima pamizere ya pasipoti mpaka msana kuuma. Zithunzi zoyamba anawabwezera ati chifukwa mayi anamwetulira. Ku ofesi ya viza anawafunsa ngati akuba, kuti akukatani, akakhala kwa yani, adzabweradi kodi. Sutikesi ankakaiyeza pasikelo ya nyama kubutchala, kuchotsa ichi, kubwezera icho, n'kukayezanso. Ana nawo pafoni malangizo osatha: mugule masokosi othina kuti miyendo isatupe, muzimwa madzi, muziimirira n'kuyendayenda m'kanjira ka pakati, ndege ndi ziwiri ndipo pakati mudikira nthawi yaitali, musagone pabenchi mungasiyidwe. Mayi a mapasa zonsezi ankazimva kukoma. Kutopa kwake kunali kwachilendo, kotopera zako.

Amene anasintha ndi bambo. Tsiku limene matikiti anafika, anawagwira n'kuwabweza msanga patebulo, thukuta lili kamukamu pamphumi. Chakudya anayamba kungochitosatosa. Pa TV pakaoneka ndege ankadzuka n'kupita panja, ati kukaona ngati geti yatsekedwa. Chiseko chija chinazilala, agalu a kwa aneba anapuma.

"Mayi a mapasa," anatero tsiku lina akumanga nsapato, osayang'ana mkazi wawo, "kodi ulendowu sungadikire chaka chamawa?"

"Chaka chamawa? Inu, phewa ili lifika chaka chamawa? Chavuta n'chiyani?"

"Palibe. Butchala ndiisiyira ndani?"

"Mphwanu uja mwakhala mukumusiyira zaka zonsezi wamwalira liti?"

Bambo anamaliza kumanga nsapato. Anatuluka.

Ha, amuna inu! Chinthu choti munganene ndi mawu awiri mumachisunga m'mimba mpaka chiwole, ati kuopa kuchepa pamaso pa mkazi. Mkazi amene wakuchapirani zamkati zaka zonsezi, n'chiyani chanu chimene sanachione? Mukakhala chete mkazi sakhala chete mumtima mwake, amayamba kudziyankha yekha, ndipo mayankho ake sakhala abwino.

Kuntchito kwa mayi a mapasa kunali mzimayi wolandira zovala pakauntala amene anzake ankamutcha Wayilesi, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi. Tsiku lina pa nthawi yopuma anasendera pafupi, kapu ya tiyi m'manja.

"Asisi, ine sindikonda zolankhulalankhula, mumandidziwa. Koma ndikanakhala ine ndikanafuna wina anditsine khutu. Alamu Lachitatu masana amakhala kuti?"

"Kubutchala. Akhalenso kuti?"

"Eee? Chabwino. Kaya amene amalowa m'galaja mwa Nandege uja ndi mapasa awo, poti kwanuko mapasa ndi osasowa."

Nandege anali mayi wa kuseri kwa msewu wawo, amene pa utsikana wake ankagwira ntchito yolandira ndi kutumikira anthu m'ndege. Anali wosakwatiwa, woyenda mowongoka, kansalu pakhosi tsiku lililonse, ndipo anali ndi kagalimoto kake. Mayi a mapasa anaseka n'kumuuza Wayilesi kuti apeze zochita. Koma atabwerera pa simbi anapsereza kolala ya malaya a kasitomala, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo.

Lachitatu lotsatira anapempha kuweruka msanga. Kubutchala anapeza mphwawo wa bambo akuthamangitsa ntchentche. "Achimwene atuluka pang'ono, alamu." Madzulo atawafunsa, bambo anati anapita kukaona ng'ombe zogula. Koma munthu wochapa zovala ali ndi chizolowezi chimodzi, sanyika buluku m'madzi asanapisemo m'matumba. M'thumba la bambo a mapasa anapezamo paketi ya chingamu, ndipo malaya awo paphewa ankamveka kafungo ka mafuta onunkhira kamene m'nyumba mwawo munalibe.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa ataponya paketiyo patebulo.

"Chingamu. Simukuchiona?"

"Ndikuchiona. Chikwatirane chathu sindinakuonenipo mukutafuna chingamu, munkati n'za ana asukulu. Lero ndi imvi zanuzo mukufuna m'kamwa mununkhirire ndani?"

"Mayi a mapasa, musandiyambe."

"Ng'ombe zanu zija zimadzola perefyumu? Zimakhala m'galaja? Ndiyankheni! Ine ndikufera pa simbi, ndikuyeza masutikesi ngati wamisala, inu mukuti chaka chamawa, chaka chamawa, kani pali amene mukulephera kumusiya mwezi umodzi!"

Bambo anatsegula pakamwa. Kwa kamphindi anaoneka ngati mwana wogwidwa ndi malungo. "Pali chinthu," anayamba, "chimene ine..." Anayang'ana nkhope ya mkazi wawo, anayang'ana masutikesi ali ndandanda pakhoma, mawu aja n'kuwameza. M'malo mwake anamenya tebulo. "Ngati simundikhulupirira, kwerani nokha ndege yanuyo! Pitani nokha!"

Kalanga ine, mawu oipa bwanji kuuza mkazi amene akukukayikira kale! Mayi a mapasa anamva chinthu chimodzi basi, kuti akufuna iwo achoke nyumba itsale yopanda mwini. Kuyambira tsiku limenelo sanakanganenso. Ankadzuka, kupita kuntchito, kusita, kubwerera, kuphika, kugona chakukhoma. Ana akaimba ankati zonse zili bwino. Nsanje ya munthu wotopa ndi yoopsa kuposa ya mtsikana, chifukwa siikuwa, imangowerengera mwakachetechete zonse zimene yapirira. Ulendo umene anaulirira pakhitchini paja tsopano unkawaoneka ngati msampha, ndipo ankati akayang'ana masutikesi mtima unkawawa ngati wathiridwa tsabola.

Lachitatu lomaliza ulendo usanachitike, sanapemphe n'komwe. Anazimitsa simbi, kuvula epuloni, n'kutuluka dzuwa lili paliwombo. Geti ya Nandege inali yongokankha. Chitseko cha galaja chinali chotsekedwa theka, ndipo mkatimo injini ya galimoto inkalira, galimoto osayenda. Anawerama n'kulowa.

Amuna awo anali pampando wakutsogolo, mutu atautsamiritsa, maso ali tseke, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Dzanja lawo lalikulu lija linali litafinya dzanja la Nandege. Nandege, ali pampando wa dalaivala, anali atawaweramira, dzanja linalo ataliika pachifuwa pawo, akuwalankhula chapansipansi pafupi ndi khutu. Phokoso la injini linameza mawu ake, linamezanso mapazi a mayi a mapasa.

Pambali pa khoma panali chitsulo chomasulira matayala. Mayi a mapasa mpaka lero amati sakumbuka kuti anachitola. Windo la dalaivala linali lotsitsa. Anamenya nacho kamodzi ndi dzanja la phewa lodwala lija, ndipo Nandege anagwera pachiwongolero, hutala n'kuyamba kulira osaleka.

"Mayi a mapasa! Mayo! Mwatani?" Bambo anafuna kudumpha koma china chinawabweza pampando. Analimbana nacho, osapeza pomasulira. Apo m'pamene mkazi wawo anaona kuti bamboyo anali atamanga lamba, m'galimoto yoima, m'galaja. Chitsulo chinagwa pansi. Anthu atafika anapeza mayi atakhala pa simenti, miyendo atatambasula, akungoyang'ana lambayo. Nandege anamwalira asanafike kuchipatala.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza, Wayilesi ali pabenchi yakutsogolo atavala zakuda. Bambo a mapasa anaima m'bokosi la mboni ataonda, jekete ikulendewera.

"Munkatani m'galimoto ya malemu?" anafunsa loya wa boma.

"Ankandiphunzitsa kukhala m'ndege, bwana."

"Kwezani mawu."

"Ndimaopa ndege!" Mawu akale aja anabwerera, anamveka mpaka pakhonde. "Ndimaopa kutsekeredwa. Ndikangoganiza chitseko chikutsekedwa, mpweya umandithera. Ndinapita kwa malemu poti ankadziwa za ndege. Anati tizikhala m'galimoto injini ikulira, nditamanga lamba, ndizolowere kukhala malo opanikiza. Ankandiwerengera kapumidwe. Mantha akandigwira ankati ndigwire dzanja lawo. Chingamu anandipatsa ndi iwo, ati m'makutu musamatsekeke ndege ikamakwera. Ankandiuza Lachitatu lililonse kuti ndiwauze akazi anga. Ine ndinkati ndiwauza ndikachira."

Kumbuyo wina anaseka, anzake n'kutsatira, mpaka woweruza anamenya tebulo. Chinthu chimene bamboyu analephera kunong'oneza mkazi mmodzi kuchipinda, anachikuwa pamaso pa tauni yonse, ndipo chiseko chimene ankachiopacho anachilandirabe. Mayi a mapasa sanaseke. Anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka.

Woweruza anati wamva zoti mayiyu sanapite ndi chida, ndiponso kuti sanapalamulepo chiyambire. Koma anati munthu wosalakwa wafa chifukwa chochitira chifundo mnansi wake, ndipo kufunsa funso limodzi pa windo paja kukanamusiya ndi moyo. Anawagamula kuti akakhale kundende zaka zokwanira kulera mwana wakhanda mpaka kumuona akupita kusekondale.

Nanga tiloze chala ndani? Mayi amene anakhulupirira thumba la buluku kuposa mwamuna wa moyo wake wonse? Bambo amene anasankha kuoneka wachimasomaso kusiyana ndi kuoneka wamantha? Kapena Wayilesi, amene mpaka lero akulandira zovala pakauntala n'kumauza makasitomala kuti iye anaziona kale zikubwera? Ine ndatopa nako kuweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'nyumba mukayamba kubisirana zazing'ono, amene amalipira nthawi zambiri ndi wapanja, ndipo apa analipira ndi mayi amene ankangofuna kuthandiza.

Kundende anawaika kochapira, poti ntchito ankaidziwa. Patapita miyezi bambo a mapasa anasiya kubwera kwa kanthawi, kenaka tsiku lina la alendo anatulukira, atanyamula sopo ndi mafuta opaka paphewa. Anakhala moyang'anana, waya pakati.

"Munasowa," anatero mayi.

"Ndinapita kwa ana. Nkhani ngati iyi sinali yoti ithere pafoni. Wamng'ono uja anasiya kudya, ndinayenera kukamuona ndi maso."

"Munakwera ndege?"

"Ndinakwera. Zonse ziwiri, kupita ndi kubwera."

"Nokha?"

"Ndekha. Ndinkapuma mmene anandiphunzitsira malemu. Zinathandiza."

Mayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana manja awo, otupa ndi sopo wa kundende, kenaka anasendera pafupi ndi waya, mawu atatsika ngati a mwana wopempha.

"Ndiuzeniko, bambo a mapasa. Nyanja ija imaoneka bwanji ukakhala m'mwamba?"

Bambo anapukuta m'maso ndi chikhatho.

"Sindikudziwa, mayi. Anandipatsa mpando wanu wa pawindo, koma ndinatsinzina njira yonse."