Khadi Lokana Kutseguka

Tebulo la mtsikana wamakhadi linali pakona ya shopu ya mkulu wake, pakati pa makina a fotokope ndi zenera. Disembala ikayandikira, pakonapo pankadzaza tizidutswa ta mapepala ofiira, obiriwira ndi agolide, ndipo mkulu wakeyo ankasesa uku akudandaula.

Mwamuna wina anabwera Lachiwiri masana ndi zikalata za ku ofesi ya pamwamba. Anali atamanga tayi, dzuwa likuswa mtengo. Podikira zikalata zake, anatola khadi limodzi patebulopo. Atalitsegula, kamtengo ka Khirisimasi kanadzuka pakati n'kuima njo!

"Ee! Matsenga?"

"Ndi pepala chabe, achimwene. Musalikanule kwambiri, ling'ambika."

"Ndiye mwini matsengawa ndinu? Taimani kaye, muli ndi kanyenyezi patsaya apa."

Mtsikanayo anapukuta tsaya ndi dzanja lodzaza tonyezimira, n'kungowonjezera tina. Kuyambira tsiku limenelo anakhala Kanyenyezi. Mkulu wake, amene sachedwa kutcha anthu mayina, anamupatsanso mwamunayo lake: aTayi.

ATayi anayamba kutsika tsiku ndi tsiku. Pena ankabwera ndi pepala limodzi lokha, pena pepala lomwe lija la dzulo. Sabata isanathe, nambala ya foni anali nayo.

"Wadzuka bwanji, Kanyenyezi kanga? Kunja kwacha, koma kwa ine kucha ndikakuona."

"Wadya, duwa langa? Ine chakudya chikukana kutsika, ndikungoganiza tizala tako."

Mtsikana wanzeru mawu otere amawaseka. Kanyenyezi anawaseka ndithu, kenako anawawerenganso kasanu.

Tsiku lina aTayi anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"Undiphunzitse. Ndikufuna kupanga khadi ndi manja angawa."

"La ndani?"

"La munthu amene ndikufuna kumufunsa funso limodzi lokha pa Khirisimasi."

Ananena zimenezi akumuyang'ana m'maso. Funso limodzi lokha? Kodi pali mtsikana amene salidziwa funso limenelo? Kanyenyezi sanafunsenso zambiri. Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala loyera lolimba, lonyezimira pang'ono, limene ankalisunga chisungireni osalola kasitomala aliyense kuligwira. Kumbuyo kwake anadindako chidindo cha shopu, monga ankachitira ndi khadi lililonse asanayambe kudula.

Sukulu inkachitika nthawi ya nkhomaliro. ATayi anasankha kanyumba kokhala ndi chitseko, ndi tianthu tiwiri titagwirana manja pakhonde. Kanyenyezi anawaonetsa kuyeza ndi rula, ndi kukanda mzere ndi msana wa sizasi kuti pepala lipindike mosathyoka. Anawaonetsa kudula timizere tiwiri popindika paja n'kukankhira kachigawoko m'kati, kuti kanyumba kapeze pokhala. Manja a aTayi anali ozolowera cholembera basi. Ankakhotetsa mzere uliwonse, moti Kanyenyezi ankachita kuwagwira dzanja n'kumayendetsa sizasi limodzi nawo. Palibe amene anadandaula nazo.

Vuto linali guluu.

"Ayi, ayi! Osati ndi chala! Tengani kamtengo ka machesi, kadontho kamodzi kokha. Ndipo khadi silitsekedwa lisanaume."

"Guluu wambiri, chikondi chambiri, Kanyenyezi."

"Guluu wambiri, khadi lowonongeka."

Patatha masiku asanu ndi limodzi kanyumba kanaima. Panatsala kumata kamtima pamwamba pa denga ndi kulemba mawu. Izi aTayi anati akachitira kwawo.

"Ukawaona lero mawuwo, ndidzakuuza chiyani pa tsikulo? Ingodikira, wokondedwa. Pa Khirisimasi moyo wako usintha, ndikulumbira!"

ATayi atatuluka, mkulu wa Kanyenyezi anayang'ana chitseko kwa kanthawi.

"Iwe, munthu ameneyu kwawo ukukudziwa?"

"Asisi, inu mumangokayikira aliyense."

"Ndangofunsa. Tayi ndi nsalu, mng'ono wanga. Aliyense akhoza kumanga."

Madzulo ake Kanyenyezi anaimbira mayi awo kuti pa Khirisimasi abwera ndi nkhani. Anagulanso diresi lobiriwira, n'kulipachika kuseri kwa chitseko cha chipinda chake lili m'pulasitiki. Ankapangira anthu ena makhadi khumi pa tsiku, koma maganizo ake onse anali pa khadi limodzi limene ankalidikira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ifike, shopu inadzaza kuyambira m'mawa. Anthu amene amakumbukira abale awo pa mphindi yomaliza onse anabwera nthawi imodzi. Cha m'ma thiri koloko, anthu atachepa, munalowa namwino atavala yunifomu, nsapato zoyera zitatuwa ndi fumbi. Ankaoneka wotopa, koma nkhope yake inali yosangalala.

"Pepani, asisi, ndinu mumapanga makhadi? Ndaona chidindo cha shopu ino kumbuyo kwa ili."

Anatulutsa envulopu m'chikwama. Kanyenyezi anazindikira pepala lija lisanatuluke lonse. Ngodya imodzi inali yokhota, pamene sizasi inaterereka tsiku lachitatu.

"Chibwenzi changa chinandiikira m'chikwama usiku," anatero namwinoyo. "Akudziwa kuti mawa ndili pa ntchito, ndiye wandipatsiratu. Koma taonani, lamatika! Ndayesa kutsegula, likufuna kung'ambika. Kumuuza sindingathe, achita manyazi munthu wamkulu. Simungandithandize?"

Makina a fotokope anasiya kulira. Mkulu wake anali atawazimitsa.

Kanyenyezi analandira khadilo. Linali louma gwa, guluu atatulukira m'mphepete. Munthu wake anapaka ndi chala, n'kutseka pomwepo. Kodi akanati chiyani? Kuti pepalali ndi langa? Kuti khadili ndalidikira masiku onsewa?

"Khalani pansi," anatero. "Zitenga kanthawi."

Anatenga lumo latsopano n'kulilowetsa pang'onopang'ono pakati pa mapepala awiriwo. Ntchito yotere sifuna phuma. Ukakankha kwambiri umadula mawu, ukakoka umasenda pepala. Manja ake ankaidziwa ntchito. Namwino ankangolankhula.

"Zaka zitatu tili limodzi, asisi. Anzanga amandiseka, akuti munthuyu akungokudyera nthawi. Mwezi uno ndiye amangosowa nthawi ya nkhomaliro, foni osayankha. Ndinayamba kuganiza zoipa, Mulungu andikhululukire. Kani amapanga ichi!"

Lumo linafika kumapeto. Khadi linatseguka, kanyumba kanadzuka. Kamtima ka padenga kanali kopindika, koma zina zonse zinali bwino. Mawu anali m'munsi mwa khonde, ndipo woyamba kuwawerenga anali Kanyenyezi.

"Mayi wa ana anga, zaka zitatu zakwana. Undilole tilowe m'nyumba iyi limodzi. Ukwatiwa nane?"

Zinamupweteka. Zinamupweteka kwambiri moti anaiwala kupuma. Anatembenuza khadilo n'kulikankhira kwa mwini wake.

Namwino anawerenga, n'kugwira pakamwa. Misozi inatsika, uku akuseka.

"Mayo ine! Taonani tianthu iti! Asisi, ndiuzeni zoona, wapangadi yekha? Munthu uja ngakhale batani satha kusoka."

"Anadula yekha," anayankha Kanyenyezi. "Dzanja lake ndinkaligwira ndine."

"Ambuye akudalitseni! Paukwati musadzalephere. Makhadi oitanira anthu mudzapanga ndinu."

Mkulu wake anatsokomola kuseri kwa makina, n'kupitiriza kusanja mapepala. Nkhaniyi sinali yake.

Kanyenyezi anamuyang'ana namwino uja. Akanatha kumusiya apite ndi chimwemwe chake, iye n'kukalirira kunyumba. Mkaziyu sanamulakwire chilichonse. Koma n'chifukwa chake sakanamusiya apite.

Anatulutsa foni m'thumba la epuloni, n'kutsegula mauthenga a aTayi, n'kuiika pambali pa khadi.

"Mwawerenga ilo. Werenganinso izi, asisi. Yambirani pamwamba."

Namwino anayang'ana kaye nambala. Kumwetulira kunatsala pankhope kanthawi kochepa, kenako kunachoka. Anawerenga chala chikutsika pang'onopang'ono. Duwa langa. Wokondedwa. Ndikulumbira. Munthu wina analowa ndi chiphaso choti achite fotokope, ndipo mkulu wake anamuuza kuti makina awonongeka, abwere mawa.

"Kuyambira liti?" anafunsa namwino, osadzutsa mutu.

"Masabata atatu."

"Mumadziwa za ine?"

"Ndakudziwani pamene mwalowa pakhomo apo."

Namwino anagwedeza mutu. Sanatukwane, sanakuwe. Anangopukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kupitiriza kuwerenga mpaka pansi.

Foni ili m'manja mwake inanjenjemera. Uthenga watsopano unalowa, ndipo anauwerenga mokweza, ndi mawu amene amaitanira odwala pamzere.

"Kanyenyezi kanga, mawa kuntchito atipanikiza, sinditha kubwera. Mphatso yako ikuchedwa pang'ono. Usakwiye, ndiwe wekha mumtima mwanga!"

Namwino anadzutsa mutu.

"Ndimuyankhe ine, kapena muyankha nokha?" anafunsa namwino.

"Yankhani inu. Ine ndili ndi makhadi eyiti oti ndimalize anthu asanabwere."

Namwino anakokera mpando pafupi ndi tebulo n'kuyamba kulemba. Kanyenyezi anatenga pepala lofiira, anayala rula, ananyamula sizasi. Koma mzere woti adule sankauona.