Darmuji ndi Dzuwa la Anansi

Ndikulumbira, mphenzi inding'ambe pakati ngati muli bodza ngakhale limodzi! Ine amene ndinatsikapo phiri la Sumbing nditasenza madengu khumi a fodya sindingakunamizeni.

Chaka chimene fodya anagwa mtengo, Darmuji ankadya chimanga chowiritsa ndi mchere, maso ali pa malata atsopano a mlamu wake Sukirno. Kalabu ya alimi inkagawa mbande za khofi, koma Darmuji anati zaka zitatu zoti khofi abereke sangadikire. Anapita kuseri kwa phiri kwa sing'anga, Mbah Kasan.

Kwathu kuno fodya tikamudula mopyapyala amafuna dzuwa la tsiku lathunthu pathandala, apo ayi amaola. Dzuwalo ndi limene Darmuji anapempha.

"Ndikupatsa, mwana wanga," inatero nkhalambayo. "Koma kumwamba kulibe lotsala. Lichokera kwa amene uli nawo pafupi."

"Pafupi bwanji, agogo?"

"Apafupi basi."

Inamupatsa kagalasi koti akwirire pabwalo. Kuyambira pamenepo mitambo inkachezera pamabwalo a anansi, pake pokha dzuwa likuswa mtengo. Fodya wake anada ngati phula, fungo lake linagwetsa chagada ogula atatu. Wa Sukirno anaola yense, komabe munthuyo ankabwera kudzathandiza kuyanika.

"Alamu, dzuwali munalikwatira mitala kapena?" ankatero akuseka.

Darmuji ankangoyang'ana pansi. Koma kagalasi sanakafukule.

Atatopa n'kuoletsa fodya, anansi onse anatenga mbande zija, poti khofi amakonda mthunzi. Pamabwalo awo panalibenso choyanika choti kagalasi kachibere dzuwa, ndiye kanatembenukira m'nyumba mwa Darmuji. M'mawa wina mkazi wake Wagiyem anadzuka akufunsa chifukwa chake kunja sikukucha. Darmuji anakumba bwalo lonse ndi zala mpaka zikhadabo kuzuka, kagalasi osakapeza. Sabata isanathe, maso ake nawonso anazima.

Anaulula zonse pakhomo la mzikiti ataphimba nkhope. Mpaka lero Sukirno amawatumizira mpunga, ndipo Darmuji amadya atalozetsa nkhope kukhoma kuti wobweretsayo asamuone.

Umbombo ndi wotero: umayamba kudya anzako, ukawamaliza umalowa m'nyumba mwako. Bzalani chimene mwapatsidwa, mudikire.

Aphunzitsi a pasukulu yathu, a Harjo, akuti khungulo inali ng'ala chabe. Zamkutu! Iwo anali asanabadwe pamene dzuwa la pabwalo limenelo linkandisupula msana ine, katatu konse.