Singano Yofika Pansi pa Mzere

Zachilendo zinayamba usiku umene namwino wina anasintha singano ya galamafoni yake. Bambo ake anamwalira iye asanabadwe, ndipo anangosiya mbale imodzi yokha ya nyimbo imene anaimba. Iye ankafunitsitsa kumva mawu awo bwinobwino, koma singano ya nsonga yobulungira inkangotulutsa phokoso ngati mvula pa malata.

"Mbale yanuyi yaperepeseka pamwamba, mayi," anatero mmisiri wokonza magalamafoni. "Singano yobulungira imayenda pamene patha kale. Iyi yonga dzira imatsika pang'ono. Koma yopyapyalayi imafika pansi penipeni pa mzere, pomwe sipanadutsepo singano ina."

"Ndipatseni zonse ziwiri."

"Anthu amati pansipo pamamveka zosayenera kumva," anamunong'oneza. "Musadzandinene."

Namwinoyo sanali munthu wobwerera m'mbuyo. Usiku woyamba anaika yonga dzira ija. Mawu a bambo ake anatuluka, okhuthala, ofunda, mpaka misozi inalengeza. Koma kuseri kwa nyimboyo kunkamveka munthu wina akupuma pang'onopang'ono, ngati waima pafupi ndi woimbayo.

Usiku wotsatira anaika yopyapyala. Phokoso lonse linatha, chipinda chinangoti zii, kusiya nyimbo yokha. Itatha, pa mbalepo panamveka chitseko chikulira pang'onopang'ono, kenaka mawu a mkazi, onjenjemera: "Bambo, ndinu?"

Anakweza singano msangamsanga. Atawafunsa mayi ake m'mawa, iwo anakana kuti tsiku lojambulalo kunalibe mkazi aliyense.

Usiku wina magetsi anathima. Anakhala mumdima wandiweyani, akumva koloko ya pakhoma ndi madzi akudontha kubafa. Kenaka chitseko cha pabalaza, chimene anakhoma yekha, chinalira pang'onopang'ono.

"Bambo, ndinu?"

Anagwira pakamwa, atazindikira kuti wafunsayo ndi iye mwini. Mawu ake anali omwe aja a pa mbale, kunjenjemera kwake komweko.

Magetsi anayaka. Chitseko chinali chotseguka, pakhomo panalibe munthu. Mantha anamugwira ndithu, koma anakumbukira kuti usiku uja anakweza singano mzere usanathe, yankho asanalimve. Moyo wake wonse bambo ake sanamuyankhepo kanthu.

Anapukuta manja pa diresi, n'kutsitsa singano yopyapyala pamalo pomwe anaisiyira.