Uthenga umene Jawad sanatumize

Hafida anakumana ndi Jawad pa siteji ya matakisi opita kuphiri, Lachinayi lina m'mawa. Ankapita kumanda a Sidi Hamdun, munthu woyera wa Mulungu, kukapempherera mayi ake amene miyendo inali itatupa. M'takisimo, imene pamwamba pake anamangirirapo nkhosa, munatsala malo amodzi, ndipo onse awiri anagwira chitseko nthawi imodzi.

"Lowani, achemwali," anatero mwamunayo akumwetulira. "Ine ndikwera pamwamba ndi nkhosayo."

"Nkhosayo yakulakwirani chiyani?" anafunsa Hafida.

Dalaivala anatulutsa mutu pawindo. "Ngati n'kufunsirana, funsiranani m'katimu. Panikizanani tizipita."

Pofika kuphiri, Hafida anali atadziwa kuti dzina lake ndi Jawad, kuti amalumikiza magetsi m'nyumba za anthu, ndiponso kuti akamaseka amaphimba pakamwa ngati namwali. Pabwalo la mandawo amuna ankachita sikiri, kutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza akugwedezeka, amayi akuyatsa makandulo. Hafida anayesetsa kupemphera, koma maso ankangothawira kukhomo kumene Jawad anaima. Pobwerera, nambala yake inali kale m'foni ya Jawad.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Kambawala kanga, wafika bwino? Ine ndinapita kukapempha madalitso, ndabwerako ndi matenda a mtima."

"Pitani kuchipatala," anayankha Hafida, akuseka yekha pa makina ake osokera.

"Dokotala wake ndiwe."

Kwa chaka chathunthu ankakumana kumandako Lachinayi loyamba la mwezi. Ankamwa tiyi pansi pa mkuyu, n'kumagawana buledi ndi uchi. Hafida akafunsa za makolo ake, Jawad ankati, "Ali kutali, wapamtima. Ndikufuna ndidzawabweretse kwanu ndili munthu."

Tsiku lina anamulowetsa m'chipinda cha manda, nasanjika dzanja pa nsalu yobiriwira yophimba mandawo.

"Woyerayu akhale mboni. Iwe ndiwe mkazi wanga, palibenso wina."

Mayi wina amene ankasesa pakona anaima. "Chotsa dzanjalo, mwana wanga. Wagona apoyo amamva."

Jawad anaseka, koma dzanja analichotsa msanga.

Sipanathe mwezi anamuuza kuti awoloka nyanja kupita ku Spain pa bwato la ozembetsa anthu. Hafida analira, anamugwira malaya, anamuchonderera. Ntchito anali nayo, nanga ankathawa chiyani?

"Miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuwala kwa maso anga. Uyambe kusoka diresi."

Uthenga womaliza unali waufupi: "Takwera. Ndikafika ndikuimbira."

Sanaimbe.

Hafida anaimba mpaka chala kuwawa. Sankadziwa m'bale wake ngakhale mmodzi, ngakhale khomo limene ankakhala. Akanafunsa kwa yani?

Kenako zinayamba zina. Masana dzuwa likuswa mtengo, m'shopu yosokeramo munkamveka fungo la nyanja, chonsecho nyanja inali ulendo wa tsiku lonse. Akanyowetsa ulusi pakamwa ankamva mchere. Tsiku lina akuyeza kasitomala, anaona pagalasi Jawad ataima pakhomo, tsitsi likudontha madzi, milomo ikugwedezeka popanda mawu. Atacheuka panalibe munthu.

"Wawonda ngati singano," anatero mayi ake. "Pita kwa Sidi Hamdun ukatule zimene wasenzazo."

Anapita patatha miyezi isanu ndi iwiri. Anayatsa kandulo, nakhala pansi moyedzamira khoma lozizira. Moyang'anana naye panakhala mayi wina wowonda, kamwana kakakazi katagona pamiyendo pake. Mayiyo ankangomuyang'ana osaphethira. Kenako anasendera pafupi.

"Ndinu Hafida."

Sikunali kufunsa.

"Mwandidziwa bwanji?"

"Chithunzi chanu ndachiyang'ana mpaka ndachiloweza. Munajambulitsa pansi pa mkuyu uli panjapo." Anatulutsa foni yosweka galasi m'chikwama. "Ine ndine Zubida, mkazi wa Jawad. Uyu ndi mwana wake."

Kamwanako kanatsegula maso, kanamwetulira, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja. Hafida anatembenukira kwa Zubida.

"Ali kuti?"

"Nyanja inamubweza patatha masiku anayi. Foniyi anaikulunga m'mapulasitiki atatu, inapulumuka ndi iyo." Mawu a Zubida anali ouma, a munthu amene misozi inamuthera kalekale. "Nditangovula zoyera za umasiye ndinayamba kubwera kuno Lachinayi lililonse. Poyamba ndinkafuna ndidzakuzuleni tsitsi. Koma mauthenga anu ndinawawerenga onse, mchemwali. Simunkadziwa."

"Ndikulumbira, mayi, sindinkadziwa."

"Musalumbire. Za malumbiro ndatopa nazo."

Panja sikiri inali itayamba, mawu a amuna akukwera ndi kutsika. Hafida analira mwakachetechete. Ankalirira ndani kodi? Munthu amene anamira, kapena munthu amene sanakhalepo n'komwe?

"Amakubwererani nanunso?" anafunsa Zubida motsitsa mawu. "Atanyowa?"

Hafida anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndinadziwa. Ndikuganiza kuti n'chifukwa cha ichi." Anayatsa foniyo n'kumupatsa. Unali uthenga wolembedwa koma wosatumizidwa, ndipo pamalo a dzina panalibe kanthu. "Ndikhululukire, wokondedwa. Madzi akulowa."

"Ndawerenga kambirimbiri," anatero Zubida. "Sindikudziwa ngati ndi wanga kapena wanu. Ndiye mwini wake sanapezeke, ndipo mzimu wa Jawad sukupumula."

Hafida anayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Mtima wake unkafuna kukuwa kuti ndi wake. Anapukuta galasi la foniyo ndi mpango wake, naibweza m'manja mwa Zubida.

"Ndi wanu. Ine anandinamiza chaka chimodzi. Inu ndi amene munali ndi zambiri zomukhululukira."

Zubida anaseka kaphwete, misozi n'kutsika kwa nthawi yoyamba.

"Ndiye ndithandizeni, mchemwali," anatero akutambasula manja ake kumwamba. "Ndekha ndayesa kumukhululukira, zikundikanika."

Hafida anatambasula ake.