Tsamba la Maliro Linafika Lokha

Nyuzipepala ya tauni yathu imatuluka Lachinayi lililonse, ndipo amene amaikonza ndi Orest Dubyk, bambo wa mimba yake, wokonda khofi kuposa ntchito. Makina osindikizira tilibe. Masamba amapita kwa osindikiza mumzinda, mtunda wa maola atatu pa galimoto, koma amapita pa kompyuta, Lachiwiri madzulo eyiti koloko isanakwane.

Pulogalamu yotumizira ndi yosavuta, ngakhale kwa munthu ngati Orest. Ukaitsegula, galasi la kompyuta limagawika pawiri. Kumanzere kuli mafayilo ako. Kumanja kuli a pa kompyuta ya osindikiza. Ntchito yako ndi kugwira tsamba kumanzere, kulikoka, n'kuliponya kumanja. Basi.

Dzina lolowera linali la mayi Marlys Tollefson, amene anayendetsa nyuzipepalayo zaka makumi atatu mpaka tsiku limene anagwa m'dimba lawo mu Okutobala, osadzukanso. Mawu achinsinsi anapita nawo kumanda, pulogalamu inangowasunga ngati timadontho takuda. Kusintha dzina kunkafuna kulemba mafomu, ndipo Orest ndi mafomu sagwirizana. Ndiye osindikiza sanawauze n'komwe kuti mayiwo anatisiya. Lachiwiri lililonse ankalowa m'dzina la malemu, mtima uli m'malo.

Sabata imeneyo, mu Januwale, tinaika m'manda Ingvald Rustad, mlimi wa tirigu. Mayi Verna, akazi awo, anabweretsa chithunzi choti chituluke pa tsamba la maliro, chimodzi chokha chimene bamboyo analola kujambulidwa atavula chipewa. Orest anachiika m'thumba la shati. Shati inalowa m'makina ochapira. Chithunzi chinatuluka chili phala.

Kukauza namfedwa, Orest sanalimbe mtima. Ndipo mwini nyuzipepala anali atamuchenjeza kale kuti akadzalakwitsanso tsamba la maliro, adzangotenga kapu yake ya khofi n'kumapita. Choncho anafukula m'makatoni akale mpaka anapeza chithunzi cha bungwe la alimi. Ingvald analimo, ataima pambali pa mng'ono wake Arne. Chipewa chofanana, mphuno imodzimodzi. Arne ali moyo, amagulitsa matayala, ndipo sachedwa kupsa mtima. Orest anayang'ana nkhope ziwirizo mpaka maso anawawa. Kenako anatsinzina, naloza, chala chinagwera wa kumanzere. Anadula mutu umenewo, nauika pa tsamba lachisanu ndi chimodzi.

Kunja kunada faivi koloko. Mphepo yozizira inkakokolola chipale chofewa mumsewu, ndipo mumsewumo munalibe ngakhale galu. Orest anali yekha muofesi. Anatsegula pulogalamu, nayamba kukoka masamba. Loyamba linapita. Kamzere kobiriwira kanadzaza, lachiwiri linapita. Mpaka lachisanu.

Atakoka lachisanu ndi chimodzi, kabokosi kanatulukira pagalasi. Kanati fayilo ya dzina limeneli ilipo kale kumeneko. Ndiifufute, ndiikepo yanuyi? Kapena ndiisiye?

Orest anayang'ana kumanja. Tsambalo linalipodi. Nthawi imene linafika inalembedwa pambali: 7:12. Wotchi ya pakhoma inkati 7:14.

Makiyi a ofesi anali awiri okha. Ina inali m'thumba mwake. Ina inali ndi mwini nyuzipepala, amene anathawira ku Arizona kuopa kuzizira.

Anaimbira Lorne, amene amayang'anira makina kwa osindikiza madzulo.

"Aise Lorne, ndani wakuponyerani tsamba lachisanu ndi chimodzi?"

"Abwana ako, nanga ndani? Iweyo unayamba watumizapo kanthu nthawi isanakwane, chidakwa cha khofi iwe?"

"Abwana ati?"

"Mayi Tollefson. Aimba pompano. Akuti tsamba limenelo usaligwire, alikonza okha. Koma chifuwa chawo chija sichinathebe? Uziwagulirako mankhwala, ndiwe munthu wanji?"

Orest anafunsa ngati anali mawu awo enieni. Lorne anaseka, nati mawu amenewo amukalipira zaka khumi ndi zisanu, sangawasokoneze ndi a munthu wina. Anawonjezera kuti pa kompyuta yake pakuonetsa anthu awiri atalowa pa dzina limodzi, ndipo onse ali m'nyumba imodzi. Kenako anadula foni, makina anali kumudikira.

Orest anaika foni pansi pang'onopang'ono.

Kumbuyo kwake kunali kachipinda ka mayi Marlys. Palibe anagwiramo kanthu chiyambire Okutobala, kupatula Orest yemweyo, amene anazula zingwe zonse za kompyuta ya mayiwo n'kukalumikizira wailesi yakanema kunyumba kwake. Kompyuta imeneyo sikanatha kuyaka ayi.

Tcha.

Anamvetsera. Mphepo inali kuomba pazenera.

Tcha-tcha. Kulira kwa mausi ya kompyuta, chala chikamadina kawiri.

Sanacheuke. Zenera la patsogolo pake linali lakuda bii, ndipo linkaonetsa zonse za kumbuyo ngati kalilole. Chitseko cha kachipindako chinali chotsegula pang'ono. Pampatapo pankatuluka kuwala kotuwa. Kenako fungo linamufika, la timasiwiti ta chifuwa timene mayiwo ankabwira tsiku lonse.

Kabokosi kaja kanali kudikirabe. Wotchi inati 7:31.

Orest anayamba kudzilimbitsa mtima. Tsamba limene lili kumanjalo sanalione. Likatuluka ndi zachilendo, wochotsedwa ntchito ndi iye. Lake lija, ngakhale chithunzi chake chinali chongolota, ankadziwa chimene chilimo. Anayesa kukoka la kumanjalo kuti libwere kumanzere alione. Pulogalamu inakana. Anayesanso. Inakananso.

Ndiye anasuntha kamuvi pagalasi, nakaimika pa mawu oti fufuta.

Kulira kwa mausi kuja kunasiya.

Mpando unalira m'kachipindamo, monga umalirira munthu akamadzuka. Kenako mapazi. Mayi Marlys ankavula nsapato za chipale pakhomo n'kumayenda ndi masilipasi muofesi, akukhwekhwereza mwendo wamanzere. Khwe. Khwe. Khwe. Mapaziwo anadutsa makatoni, anadutsa tebulo la khofi, nadzaima kumbuyo kwa mpando wake.

Orest anayang'ana pazenera. Anadziona yekha, ndi chitseko chili yasa. Panalibe wina.

Pafupi ndi khutu lake lamanja, munthu anatsokomola. Katsokomolo kouma, kawiri, kamene mayiwo ankachita akapeza cholakwika pa tsamba, asananene kanthu.

Chala cha Orest chinali pa mausi, koma sichinkamvanso ngati chake. Anasuntha kamuvi pang'ono, pang'ono, mpaka kanafika pa mawu oti siya. Anadina.

Kabokosi kanachoka. Khwe, khwe, khwe, mapazi anabwerera. Mpando unaliranso.

Masamba awiri otsalawo anawaponya osawayang'ana. Anatuluka magetsi ali chiyakire, jekete ili m'manja. Analiza galimoto osakumbukira kuzula chingwe cha magetsi chotenthetsera injini kukazizira, moti anthu anamuona akudutsa pa tchalitchi cha Lutheran chingwe chikukhwekhwereka pansi.

Lachitatu sanapite kuntchito. Anauza mkazi wake kuti m'mimba mwavuta.

Lachinayi m'mawa anagula nyuzipepala pa filing'i siteshoni ngati mlendo, nakaitsegulira m'galimoto. Tsamba lachisanu ndi chimodzi linali laukhondo, mawu onse ali m'malo mwake. Pamwamba panali Ingvald Rustad, mosakayikitsa, wopanda chipewa, tsitsi lopesedwa bwino, suti yakuda, tayi ya timizere. Maso ali gwa, kuyang'ana wojambula. Kumbuyo kwa mutu kunali nsalu yoyera yonyezimira. Mtima wa Orest unakhala pansi. Ntchito inali itapulumuka.

Masana ake tauni inali itayamba kunong'ona. Pa sitolo ya khofi ena ankati Orest anazembera kunyumba yokonzera maliro n'kujambula mtembo. Koma mwini nyumbayo analumbira kuti maso a Ingvald anawatseka yekha ndi manja ake, ndipo palibe analowa ndi kamera. Ena ankangoti Marlys sanalolepo tsamba la maliro kutuluka lolakwika ali moyo, nanga angayambe lero?

Lachisanu mayi Verna anabwera kuofesi, nyuzipepala itapindidwa m'manja. Orest anaimirira, bodza lili kale pakamwa. Koma mayiwo sanakalipe. Anayala tsambalo patebulo, naika chala pa tayi ija.

"Bambo Dubyk, chithunzi ichi si chimene ndinakupatsani. Tayi iyi ndinagula Loweruka. Amuna anga anamwalira Lachisanu. Anaivala kamodzi kokha, ndipo bokosi analitseka ine ndikuona."

Orest anabwerera pa mpando wake, nakhala pansi.

Mayi Verna anayang'ana chitseko cha kachipinda kaja kwa nthawi ndithu. Kenako anatsitsa mawu.

"Sindikufunsani kuti anajambula ndani. Koma mukalankhula nawonso mayi Marlys, mundifunsireko ngati kumeneko kukuzizira. Amuna anga ndinaiwala kuwaveka masokosi."