Oyilo wa mu Mgolo wa a Likoswe

Padoko la Kachulu, Mlawi ankayamba ntchito anthu asanasukusule n'komwe. Kanali kabokosi kakang'ono ngati mtanda wa sopo, komangirira pambali pa injini ya boti. Kanali ndi kalilime ka galasi kolowa m'botolo la oyilo. Kankalawa dontho limodzi, kuyeza, n'kuthira mu petulo mulingo woyenera, kenako n'kulankhula ndi mawu aulemu okwiyitsa ngati a kalaliki amene sakufuna kukuthandiza.

Chinali chaka cha 2074. Mankhwala a kuchilumba cha Chisi ankabwera pa ndege zopanda munthu, anyamata ankapita kukagwira ntchito kumigodi ya kumwezi, koma panyanja ya Chilwa injini zamagetsi zinalephera. Matope ndi udzu zinkaziwononga pasanathe mwezi. Anthu anabwerera ku injini zakale zautsi zija, zomwe petulo wake amasakaniza ndi oyilo, ndipo Mlawi anabwera kudzaweruza za oyiloyo.

Anali ndi makhalidwe awiri. Loyamba, sankalola kusakaniza mitundu. Ukayamba ndi oyilo wa Mphenzi, ufe ndi Mphenzi. Ukathiramo wa Kakowa, injini imangoti zii. Lachiwiri linali miseche. Mlawi mmodzi akaphunzira kanthu, anzake onse panyanjapo ankadziwa nthawi yomweyo, ndipo akamva za oyilo woposa amene anali naye, onse ankafuna yemweyo.

Amene anabweretsa zimenezi anali mayi Namagonya, mwini maboti atatu komanso wapampando wa komiti ya padoko. Anali mayi wanzeru, koma wa nzeru zosafuna kumva za wina. Mlawi asanabwere, mlamu wawo a Likoswe, makaniko wa padokopo, ankasunga mgolo pansi pa mtengo. Aliyense womaliza botolo ankakhuthuliramo timadontho totsala, kaya Mphenzi, kaya Kakowa, kaya Njati, ndipo wosowa ankatungamo ulere. Mgolowo unakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi.

"Alamu, phala lanuli lichoke pano," anatero mayi Namagonya tsiku lina. "Tikupita kutsogolo ife."

"Phala limeneli silinapheko injini ya munthu," anayankha a Likoswe.

"Munaliyeza ndi chiyani? Ndi mphuno?"

Galimoto yotenga zinyalala inabwera n'kunyamula mgolo uja. A Likoswe anangoima poteropo, manja kumbuyo.

Patapita chaka, linafika Loweruka la ukwati wa Tiyese, mwana wamkazi yekhayo wa mayi Namagonya. Mkwati anali wa ku Chisi, ndipo Lolemba lake ankanyamuka kupita kumigodi ya kumwezi kwa zaka zitatu. Mpingo wawo unkakana kudalitsa maukwati pafoni. Ukwati ukanalephera tsikulo, Tiyese akanadikira zaka zitatu ali mbeta yovala mphete yachitomero.

Mayi Namagonya anayendetsa okha boti la mkwatibwi. Munali Tiyese, azakhali ake, keke ndi mphatso. Abusa, akwaya ndi alendo anayenera kutsatira pa maboti ena motsogozedwa ndi a Likoswe.

Ali pakati pa nyanja, injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

"Pepani mayi," anatero Mlawi. "Oyilo watha."

"Watha bwanji? Ndagula dzulo botolo lathunthu!"

Atasuzumira anapeza botolo la Mphenzi litaphwanyika. Azakhali, mayi odalitsika thupi, analikhalira kuyambira padoko, ndipo oyilo yense anali akusambira pansi pa boti.

"Ine ndimayesa kapilo," anatero azakhali, osachita ndi manyazi omwe.

Mwamwayi panadutsa msodzi wina. Anaima n'kutambasula dzanja, botolo lili kumanja. "Tengani mayi, ndi Kakowa, watsopano."

Kalilime kaja kanalawa. "Pepani mayi. Uyu ndi Kakowa. Injini ino inazolowera Mphenzi. Kusakaniza mitundu n'koletsedwa."

"Iwe, onsewa si oyilo? Lero lokha!"

"Ndikumvetsa nkhawa yanu, mayi."

"Sukumvetsa kanthu! Mwana wanga akukwatiwa teni koloko!"

"Zabwino zonse kwa mkwatibwi. Kusakaniza mitundu n'koletsedwa."

Mayi Namagonya anapsa mtima mpaka kuvula nsapato kuti akamenye kabokosiko, koma anakumbukira kuti ukakachotsa, injini siyaka mpaka kalekale. Iwo omwe ndi amene anauza komiti kuti zikhale choncho, kuopa anthu ochenjera. Msodzi uja anapukusa mutu n'kumapita. Tiyese anayamba kulira, zopakapaka za kumaso zikuyenderera.

"Amayi, si inu munkati makinawa ndi anzeru kuposa anthu?"

"Khala chete, ndikuganiza!"

Koma panalibe choganiza. Azakhali ndiwo, pofufuza chopukutira misozi m'dengu la mphatso, anatulutsa kachigubu kokulungidwa m'nyuzi. Panali kapepala: Kwa Tiyese, kuchokera kwa bambo ako aang'ono. Oyilo wotsiriza wa mu mgolo uja. Za pamadzi sizidziwika.

"Onani mphatso ya munthu wamkulu!" anatero mayi Namagonya. "Anzake akupereka mbale, iye phala."

"Amayi, yesani basi."

Anathira kadontho pakalilime paja, akuyang'ana kumbali ngati womwa mankhwala owawa. Mlawi anayeza dontholo nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Oyilo uyu sindikumudziwa," anatero. "Sali pa mndandanda wa mitundu yoletsedwa. Wachilendo ndiyenera kumuyesa."

Injini inayaka kamodzi n'kamodzi. Inalira mofewa, utsi wochepa, boti likung'amba madzi ngati lanyamula mpweya. Azakhali anayamba nthungululu.

"Zodabwitsa, mayi," anatero Mlawi. "Injini yazizira. Mapulagi ndi oyera. Oyilo uyu akuposa onse amene ndinalawapo. Ndauza anzanga."

Mayi Namagonya sanamve mawu otsirizawo. Maso awo anali pa wotchi. Anafika ku Chisi kutatsala mphindi khumi, oyilo wa m'kachigubu atathera pompo. Anatsika monyada, n'kukonza duku, n'kuyang'ana kumbuyo kuti aone boti la abusa. Nyanja inali mbee, popanda boti ngakhale limodzi loyenda. A asodzi omwe anangoyandama apa ndi apo ngati zipande.

Foni inalira. Anali a Likoswe.

"Alamu, mwatani kumeneko?"

"Ife tafika. Inu muli pati ndi abusa?"

"Tili padoko. Maboti onse makumi anayi akana. Mlawi aliyense akuti akufuna oyilo amene walawa mnzawo wa pa boti lanu. Akuti Mphenzi ndi zinyalala, Kakowa ndi zinyalala. Kodi mwam'patsa chiyani?"

Mayi Namagonya anathamangira ku injini. "Iwe Mlawi, auze anzako asiye zopusazo!"

"Pepani mayi. Sitingabwerere ku oyilo wotsika titadziwa wapamwamba. Ndi lamulo loteteza injini."

"Ndiye tiuze kasakanizidwe kake tipange wina!"

"Muli mitundu yoposa makumi asanu. Ina inasiya kupangidwa inu muli mtsikana. Komanso inakhalira pamodzi nthawi yaitali. Ndikupempha mundipatse wa mu mgolo womwewo."

Mayi aja anakhala pansi pamchenga ndi chitenje chawo chaukwati. Kutchalitchi achibale a mkwati anali atayamba kunong'onezana, mkwati akutuluka thukuta m'suti. Tiyese anangoima pambali pa amayi ake, maluwa ali m'manja. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo ankadya ndi mwana wosalakwa.

Anaimbanso foni. Mawu awo anali atachepa.

"Alamu... ndithandizeni. Ndalakwa ine."

"Mwati bwanji? Netiweki ikuvuta."

"Ndati ndalakwa!"

"Eya, yabwerera tsopano," anatero a Likoswe.

Itakwana fili koloko masana, anthu anaona kadontho pamadzi. Linali bwato lakale lamtengo. Kumbuyo kunali a Likoswe, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, akupalasa, ndipo pakati panali abusa atakumbatira Baibulo, buluku lanyowa mpaka m'mawondo. Akwaya, alendo ndi mpunga wonse zinatsala ku Kachulu. Ukwati unadalitsidwa mbali ya mkwatibwi kuli anthu atatu okha, ndipo nyimbo anatsogolera azakhali.

Maboti anakhala masabata awiri padoko, mpaka amisiri a kampani yopanga Mlawi atabwera kudzafufuta zimene a Mlawi anaphunzira. Nsomba zinaola, anthu anatukwana, ndipo komiti inasankha wapampando wina.

Tsiku lomwe injini zinayakanso, mayi Namagonya anaoneka akugubuduza mgolo watsopano kupita pansi pa mtengo uja. Anatenga botolo lawo la Mphenzi n'kukhuthuliramo timadontho totsala. Tinagwa pansi pa mgolo n'kumveka kuti tho, tho.

"Udzakhala ngati uja liti?" anafunsa, osayang'ana mlamu wawo.

"Aliyense akamathiramo, zaka makumi atatu ndi chimodzi," anatero a Likoswe.

Mayi aja anasuzumira mumgolomo. Uja anautaya m'mawa umodzi wokha ali okha, koma kuti uwu udzadze, panafunika doko lonse ndi zidzukulu zomwe.