Kansalu ka pa Waya wa Sensori

Ine Lourenço ndine mekaniku, ndipo nkhani za mizimu ndinkazitenga ngati zocheza za pamowa. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa mu Junyu chaka chatha, ndipo Osvaldo, wokonza zamagetsi a galimoto ku Furancungo, analipo. Kamufunseni, ali moyo.

Mkazi wanga Telma ndinamukwatira ali wamasiye. Mwamuna wake woyamba, Hilário, anamusiyira mwana mmodzi, Ilda, ndi galimoto yaikulu yonyamula mbatatesi ku Ntengo-Wambalame. Akuchimuna anamusudzula bwinobwino, mwambo wonse unatha. Koma anthu sanasiye kunena kuti "galimoto ya Hilário", chonsecho woyendetsa ndi wokonza ndinali ine. Mawu amenewo ankandiwawa. Ndisabise, ndinkachita nsanje ndi munthu wa m'manda.

Turbo, chipangizo chopopera mpweya mu motori, itafa ndinakondwa chamumtima. Ndinati ndiikemo yatsopano, galimotoyi idziwe dzanja langa. Pomasula ndinapeza waya wa sensori, kachipangizo koyeza kutentha kwa utsi, atamangidwa ku chitsulo ndi kansalu kuti asakhudze paipi yotentha. Amekaniku akumudzi timatero ndithu. Koma kansaluko ndinakazindikira ngakhale kanada ndi mafuta: kobiriwira, ka maluwa achikasu. Chitenje chimene Telma anavala pa chithunzi cha ukwati wawo! Chomwe anandiuza kuti anapatsa mng'ono wake kalekale.

Ndinakadula ndi mpeni, n'kukaponya pamoto wa zinyalala. Wayayo ndinamanga ndi kapulasitiki.

Galimoto inalira bwino. Koma nditangodutsa msika wa Tsangano, nyali yachikasu inayaka kutsogoloku, motori n'kufooka ngati ng'ombe yodwala. Masiku atatu ndinagona pansi pake. Ndinafufuza ngati utsi ukuthawira polumikizira turbo, ayi. Ndinayeza waya mmodzimmodzi, onse abwinobwino. Ndinaitanitsa sensori yatsopano ku Tete. Nyali ngwee, ngati ikundiseka.

Telma anandifunsa akusankha nyemba pakhonde. "Bambo, simunachotse kanthu kumeneko?"

"Kanthu kanji? Mukufuna kunena kuti amuna anu aja ankaidziwa ntchito kuposa ine?"

Anangoweramira m'lichero mwake.

Ndinameza manyazi n'kuitana Osvaldo ndi makina ake owerengera matenda a galimoto. Anafika pa njinga yamoto m'mamawa, chisanu chili mbuu pa udzu. Analumikiza makinawo, n'kukwinya nkhope.

"Epa, achimwene, mwailiza kale?"

"Kuyambira dzulo ayi. Gwira paipiyo."

Inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Masensori ena onse akuti oito, madigiri 8," anatero. "Iyi ikuti trinta e sete, madigiri 37."

"Ndiye kuti andigulitsa yakufa."

"Yakufa imapenga, imalumphalumpha. Iyi yakhazikika." Anatsitsa mawu. "Trinta e sete ndi kutentha kwa thupi la munthu. Ngati wina waifumbata m'manja."

Ndinaseka chodzikakamiza. Ndinalowa pansi, n'kuizula sensoriyo ndi waya wake yemwe. Ndinaiika pamwala, patali.

"Nanga tsopano?"

"Trinta e sete."

Nkhuku zinasiya phokoso. Galu wathu analowa kukhitchini, mchira pansi. Kenako fungo. Fodya wa chingambwe, wopichira papepala. Ine sindisuta. Osvaldo sasuta. Wosuta anali Hilário.

Mpando wa woyendetsa unalira. Kwii. Unatsika pang'ono, ifeyo tikuona.

Osvaldo anadzilemba mtanda pachipumi.

Apo Telma anatuluka m'nyumba. M'manja mwake munali chitenje chija, chopindidwa bwino, chikununkhira sopo. Chija anati anapatsa mng'ono wake. Anang'amba kachidutswa ndi mano, n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Bwezerani sensoriyo. Mumange ndi aka."

Ndinamanga. Telma anagwira chitseko cha galimoto, n'kulankhula chapansipansi, ndi kamawu kamene ine sanandilankhulepo nako.

"Bambo a Ilda, basi. Musiyeni agwire ntchito. Ine ndili bwino."

Osvaldo anawerenga monong'ona, manambala akutsika. "Trinta. Vinte. Oito."

Ndinaliza motori. Nyali inazima. Osvaldo anakulunga mawaya ake n'kunyamuka, ngakhale tiyi anakana.

Galimoto ikuyenda mpaka lero, ndipo anthu amati Lourenço ndi katswiri, anakonza chimene chinakanika ena. Ndimangomwetulira. Chondiwawa ine si mzimu ayi, mzimu ndinauzolowera. Ine masiku atatu ndi masipanala, msana kuuma, koma Hilário anangomva mawu a Telma n'kumvera nthawi yomweyo. Ndipo chitenje chija zaka ziwiri zonse chinali m'sutikesi, pansi pa bedi langa, ine ndikugona pamwamba pake ngati chitsiru.

Ndinagula timakina tanga ting'onoting'ono, tofanana ndi makina a Osvaldo aja, sindinauze munthu. Ndikakhala ndekha, sensori imanena zoona. Koma Telma akangokwera, motori isanalire, ndimasuzumira mobisa. Trinta e sete. Nyali siyakanso, mwiniwake sakudandaula kanthu.

Ndaonanso kuti Telma sakhala pafupi nane. Amasunthira kuchitseko, n'kusiya malo a munthu mmodzi pakati pathu. Tsiku lina pa msewu wa ku Furancungo ndinalephera kupirira, ndinamufunsa kuti malowo ndi a yani.

Anayang'ana panja, nati, "Yendetsani, bambo. Sakonda kuti muzilankhula muli pa chiwongolero."